Mwala pa Mutu wa Galamafoni ya Bambo

Akulu a mpingo andiuza kuti ndiime pano ndilankhule nanu anyamata, ati popeza ambiri a inu tinkamwera limodzi, mundimvera. Kaya. Ine sindine mlaliki, ndipo kukometsera mawu sinditha. Wofuna kumva amve, wosafuna njira ndi iyo, koma asandisokosere kumbuyoko. Ndine Yotamu, wa konkuno ku Nsipe, mwana wa malemu aNgozo amene anali ku Joni. Ambiri mumanditchula kuti Yotamu wa galamafoni. Nkhani yake ndi ya galamafoniyo.

Sukulu ndinasiyira Sitandade 4. Mayeso ndinalephera kawiri, ndipo chaka chachitatu anandikhazika benchi imodzi ndi tiana timene ndinkatibereka kumsana. Tsiku lina aphunzitsi anandiwerengetsa pamaso pa onse, lilime linakana, tianato tinaseka. Ndinatola sileti yanga, kuimenyetsa pa tsinde la mtengo, kubwera kunyumba. Palibe amene anandilondola. Anzanga ena lero ndi makalaliki kuboma, amavala masokosi ofika m'maondo. Zawo zimenezo.

Chaka chomwecho bambo anabwerako ku Joni komaliza. Ine ndinakula ndikuwadziwira m'makalata, chifukwa akabwera ankangokhala miyezi iwiri n'kubwereranso. Ulendo uwu anabwera ndi sutikesi ya chitsulo, jekete lalitali, galamafoni, ndi chifuwa chimene anachitenga pansi pa mgodi. Galamafoniyo inali ya bokosi lakuda, yopukusa ndi dzanja, ndipo inali ndi mbale zake khumi ndi zinayi. Zambiri zinali nyimbo zovina za kumeneko. Koma mbale imodzi sinkakhala ndi zinzake. Inkakhala yokulungidwa mu mpango wa amayi, pansi penipeni pa sutikesi.

Mbale imeneyo nkhani yake ndi iyi. Ku kompaundi ya ku mgodi kumene bambo ankagona, amuna a kuno kwathu anali ndi kwaya yawo. Tsiku lina kunabwera azungu ojambula nyimbo ndi makina awo, nawaimbitsa nyimbo ziwiri za Mulungu. Mbali imodzi ya mbale, kwaya yonse ikuimba pamodzi, amuna makumi awiri. Mbali inayo bambo akutsogolera okha, anzawo akungoyankha. Pamene ankafika kuno, mawu amenewo anali atawathera. Ankalankhula monong'ona, ndipo m'tchalitchi muno ankangoyendetsa milomo. Mawu awo onse anatsala pa mbale ija. Ankaiimba pa Khirisimasi pokha, ndipo ine pa nthawiyo maganizo anali pa kupukusa, osati pa nyimbo.

Kupukusa kunkawathetsa mpweya, ndiye ntchitoyo anaipereka kwa ine. Anati sukulu yandikana koma manja ndili nawo. Malamulo awo anali ochepa. Singano imodzi iimbe mbali imodzi ya mbale, kenako itayidwe. Mbale isagwiridwe pa mizere. Isaone dzuwa. Ndinati ndamva.

Tsopano za kugwa kwanga sindichedwapo, chifukwa njira yake mukuidziwa, ena mwa inu mukadali momwemo. Mayi wina wofulula mowa, anaChisale, anapempha kuti Loweruka lina ndikaimbe pakhomo pake kuti anthu achuluke. Bambo analola kamodzi. Malipiro anga anali chipanda cha masese. Loweruka lotsatira sindinapemphe. Posakhalitsa aliyense wofulula ankanditumira uthenga, ndipo ine amene ndinkasekedwa ndi tiana, tsopano akuluakulu ankandipatsa mpando. Masese anachepa mphamvu, ndinayamba kachasu. Nyengo yogulitsa thonje ndinkamangirira galamafoni pa njinga ya bambo n'kutsikira ku Bwanje, kukakhalako masiku atatu, anayi. Amayi analankhula mpaka kutopa. Bambo analibe mpweya wokalipira munthu.

Ovina amafuna chinthu chimodzi: kweza! Galamafoni ilibe pokwezera. Ndiye ndinayamba nzeru zanga. Kachitini ka singano kamene bambo anabwera nako kanatha. Zatsopano zinali ku sitolo kuboma, koma kwa ine njira ya kuboma inkathera pa mowa. Ndinayamba kutola singano zakale n'kuzinola pa mwala umene timanolera nkhwangwa. Zitatha zimenezo ndinanola msomali wa nsapato. Msomali unkalira kwambiri, anthu anayamikira. Anthu akamaponda pansi mwamphamvu, singano inkadumpha mizere, ndiye ndinatola kamwala ka kumtsinje n'kukamangirira ndi luzi pa mutu wa galamafoni, pamene pamakhala singanopo, kuti pazilemera. Inasiya kudumpha. Ndinadziona wanzeru kuposa aphunzitsi aja. Mbale iliyonse ikatha kuimba, pa nsonga ya msomali pankatsala fumbi lakuda. Ndinkangoliuzira ndi pakamwa, osafunsa kuti likuchokera kuti. Mbale zikayamba kuyera, ndinkazipukuta ndi palafini kuti ziwale. Zina zinapindika ndi dzuwa la ku Bwanje mpaka kuoneka ngati chipewa. Imodzi ndinaikhalira.

Mbale zovina zitatha zonse, anthu anayamba kundiseka. Anati galamafoni yanga ikukazinga chimanga. Kusekedwa ndiye kumene sindinkakupirira. Mmawa wina, amayi ali kumunda, bambo ali mtulo, ndinatsegula sutikesi n'kutenga mpango uja.

Ku Bwanje tsiku limenelo kunali anthu ambiri. Ndinaika mbali ya bambo, msomali ndi mwala zili pompo. Mawu anatuluka oyera, aakulu. Kenako wina anati m'busa wafika pa mowa, onse anafa nacho chiseko. Anayamba kuvina nyimbo ya Mulungu mokhotetsa ziuno, akufuula kuti bwereza. Ndinabwereza. Ndinabwereza masana onse, sindikudziwa kangati. Ndikukumbuka kuti ndinaima pa mtondo n'kumauza anthu kuti ameneyo ndi bambo anga, ngati chinthu chonyadira. Mmawa mwake ndinadzuka m'munda wa thonje wa munthu, malaya ali masanzi okhaokha, dzuwa litakwera kale. Galamafoni inali pansi pa mtengo, yotsegula, nkhuku ikuyenda pamwamba. Ndinakulunga mbale mu mpango, kukaibweza mu sutikesi, osauza munthu. Kamwala kaja ndinakamasula.

Apa ndiye ndichedwepo, ndipo mundipirire.

Nyengo yozizira itafika, chifuwa cha bambo chinakula. Amayi anapita nawo kuchipatala cha mishoni, anakagonako sabata, n'kubwezedwa ndi botolo la mankhwala ndi mawu akuti akapumule kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mmawa wina tinawagoneka pa mphasa pakhonde kuti aothere dzuwa, atafunda jekete lawo lija. Ine ndinali ndangofika, mutu ukuwawa. Anandikodola ndi dzanja, ndinagwada pafupi kuti ndimve.

"Yotamu, tandiimbira mbale ija."

Ndinati singano zatha. Amayi analowa m'nyumba n'kubwera ndi kapepala kopinda, mmene anasungamo singano zitatu zatsopano, za Khirisimasi. Anabweranso ndi mpango. Pothawira panalibe.

Ndinapukusa, ndinaika mbali yawo ija. Chimene chinatuluka sindikudziwa ndichitche chiyani. Phokoso ngati mvula pa masamba ouma, ndipo mkati mwake, kutali, kanthu kakulira ngati munthu woitana ali pansi pa dzenje. Mutu wa galamafoni unkanjenjemera ngati chitini chomangidwa kumchira wa galu. Bambo anadzutsa mutu, natembenuzira khutu lina. Anadikira. Anatembenuziranso linalo. Anati nditembenuze mbale. Ndinatembenuza, ndinaika singano yachiwiri. Kwaya inamveka pang'ono, koma mawu onse anali osweka, ngati akuimbira m'chidebe chobooka.

Ine ndinkadikira kuti andifunse. Ndinali nditakonza kale mabodza atatu. Koma iwo anagoneka mutu pansi, nayang'ana kudenga.

"Zimitsa, mwanangu. Makutu anga atha. Fumbi la mumgodi lija lafika ndi kumakutu komwe."

Anatseka maso. Misozi sinatuluke. Anangoti pang'onopang'ono kuti ankaganiza kuti mgodi uwasiyirako chinthu chimodzi, makutu.

Amayi anakulunga mbale bwinobwino, monga ankachitira nthawi zonse, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuwatsatira. Sanakweze mawu.

"Ine makutu anga sanapite ku Joni. Zimene amva bambo ako ndamva zomwezo. Ukawauze wekha chimene wachita, apo ayi uwasiye afe akuganiza kuti agontha. Ine sindikunyamulira zimenezo."

Mwina mukuganiza kuti ndinagwada pomwepo n'kulapa. Ayi. Ndinapita kwa anaChisale n'kumwa mpaka miyendo kukana. Musamanamizane kuti munthu amasintha chifukwa mtima wamupweteka. Mtima ukapweteka m'pamene mowa umakoma. Koma tsiku limenelo kachasu sanagwire ntchito yake. Ndinaledzera thupi lonse, koma ndinkawaonabe bambo akutembenuza khutu, ili kenako ilo.

Kutacha ndinamangirira galamafoni pa njinga, mbale ndinaiika m'malaya, n'kupita ku Manjawira. Kumeneko kuli aKachingwe, okonza njinga, amene anaphunzira za mawotchi ndi magalamafoni ali kunkhondo. Maso awo anachita ng'ala, ndiye za mawotchi anasiya, njinga amakonza mongopapasa. Ndinawauza kuti galamafoni yangoyamba yokha kulira moipa. Anatenga mbale, nayendetsa chikhadabo pang'onopang'ono pa mizere, mbali iyi ndi iyo. Kenako ananunkhiza mutu wa galamafoni.

"Pamenepa unkalima ndi chiyani, khasu?"

Ndinawauza zonse, msomali, mwala, palafini. Anandifunsa ngati ndinkaona fumbi lakuda pa msomalipo. Ndinati inde, ndinkaliuzira.

"Fumbi limenelo anali bambo ako. Mawu amakhala m'mizeremu. Iwe unkawapala n'kumawauzira kumphepo."

Ndinawafunsa ngati angawabwezere. Anati ndipite ku Bwanje ndikatole fumbilo, ndikalipeza lonse ndibwere tikambirane. Mbali ya bambo inafa, ndipo palibe mzungu kapena munthu wakuda amene angaiukitse. Koma mbali ya kwaya anati yangovulala, chifukwa zidakwa sizinaikonde. Kusweka kwa mawu kumene tinamva kunali kwa galamafoni, osati kwa mbale. Anamasula mutu uja n'kundionetsa. Mkati mwake mumakhala kachitsulo kozungulira, kopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo ndi kameneko kamene kamanjenjemera n'kutulutsa mawu. Kamakhala pakati pa mphira ziwiri zofewa. Mphira zanga zinali zitauma n'kusweka ndi dzuwa ndi mowa wotayikira, ndipo kachitsuloko kanali katapindika n'kung'ambika chifukwa cha mwala uja. Anafufuza m'chitini cha zinthu zakale, natulutsa kena, kamene anachotsa m'galamafoni yakufa. Kanali kamodzi kokha. Anati kakabooka, kena ndikakafune ku Limbe.

Ndinati chabwino, ikanimo, ndikufulumira. Anaseka. Anati maso awo sangaone kasikuluwu kamene kamagwira pakati, kochepa ngati njere ya mawere. Iwo andiuza chochita, koma wogwira ndikhale ine. Kenako anati nditambasule manja, nawagwira ndi awo. Ankanjenjemera ngati a nkhalamba.

"Manja awa aboola. Ubwere akaima."

Ndinafunsa kuti aima liti. Anati ndikafunse mowa. Ndinapsa mtima, ndinati bambo anga akufa, masiku oti ndizidikira manja palibe.

"Ndiye fulumira kusiya. Ine ndingakuthandize chiyani pamenepo?"

Ndinawatukwana. Sindibisa. Munthu wamkulu ngati uja ndinamutchula wakhungu. Anangopitiriza kupopa tayala, n'kunena kuti pobwera ndibwere ndi phula la njuchi ndi minga youma ya mthethe.

Tsopano mverani zimene ndinachita, chifukwa n'zimene mwabwerera. Galamafoni ndinaisiya komweko ku Manjawira. Popanda galamafoni panalibe wondiitana pa mowa, ndipo ndinaona msanga kuti mpando uja sunali wanga, unali wa bokosi. Ndinapita kwa anaChisale masana, ndili bwinobwino, n'kuwauza pamaso pa anthu kuti akandiona pakhomo pawo andithire madzi otsukira mbiya. Anaseka, anati onse amatero. Njira ya kumsika imadutsa pakhomo pawo, ndiye ndinayamba kuzungulira kudambo, ngakhale ndi kutali.

Masiku atatu oyamba osamwa musawapeputse. Ndinasanza, ndinatuluka thukuta nyengo yozizira, ndinaona zinthu zikuyenda pakhoma. Manja ananjenjemera kuposa kale, mpaka ndinaganiza kuti aKachingwe andinamiza. Amayi sanandichitire chisoni. Ankangoika chikho cha thobwa pafupi n'kuchoka, ndipo tsiku lachinayi anandiponyera khasu kuti ndikakumbe mbatata. Ndikukuuzani, musakhale pansi. Ludzu limakupeza utakhala. Ndinakumba mbatata, ndinawaza nkhuni, ndinayenda m'tchire kufuna minga. Mmawa uliwonse ndinkatenga singano yosokera ya amayi ndi ulusi, kuyesa kulowetsa. Ulusi unkapita uku, singano uko.

Nthawi yonseyi bambo ankacheperachepera. Anasiya kutuluka pakhonde. Ndipo anayamba chinthu chimene chinandipweteka kuposa kutsokomola kwawo: munthu akalankhula, ankaika dzanja kukhutu. Ankamva bwinobwino, koma anali atakhulupirira kuti samva. Tsiku lachisanu ndinalowa, ndinakhala pansi pafupi ndi mphasa, n'kuwauza. Sindinasiye kanthu. Ndinanena za Bwanje, za zidakwa zovina, za mtondo umene ndinaimapo. Anamvetsera osaika dzanja kukhutu.

"Mbali iti?"

"Yanu, bambo."

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana msana wawo, mafupa akuonekera pa malaya. Ndikanakonda akanandimenya, koma analibe mphamvu, ndipo mwina analibenso chifuno. Masiku awiri sanandilankhule. Ndikawabweretsera madzi ankadikira amayi. Tsiku lachitatu lake, ndikusesa m'chipindamo, ananena osandiyang'ana kuti ndiye kuti makutu akadali nawo. Ndinati inde. Anati chabwino. Kukhululuka kumene ndinalandira ndi kumeneko, ndipo sindinapemphe kwina.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ulusi unalowa. Ndinautulutsa, kuulowetsanso, katatu. Ndinakwera njinga.

AKachingwe sanatchule za kutukwana kuja. Anagwira manja anga, nati tiyambe. Mphira zatsopano tinapanga ndi kachubu kofewa ka pa valavu ya njinga, kudula mwa muyezo, kupinda kuti kazungulire, nsonga zikumane popanda mpata. Ndinalakwitsa kanayi. Iwo ankapapasa n'kunena kuti taya, dula kena. Kenako kachitsulo kopyapyala kaja. Anati kagone pa mphira pokha, kasakhudze chitsulo cha m'mbali ngakhale pang'ono, apo ayi kazilira ngati chitini. Ndinakagwira m'mphepete ndi nsonga za zala, mpweya nditaugwira. Kasikuluwu ka pakati kanagwa pansi kawiri, tinakafufuza m'fumbi tonse awiri, wakhungu ndi chidakwa. Kachitatu kanalowa. Anati ndimange mpaka kangogwira, ndisaonjezere mphamvu za ku Bwanje. Tinasungunula phula pa nsonga ya waya, kudontheza dontho limodzi pakati kuti mpweya usapulumukire pamenepo. Masikuluwu a m'mbali anati ndizimanga mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, osati limodzi mpaka kulimba. Molumikizira mkono umene umanyamula mutu tinapakamo girizi, chifukwa anati mawu ndi mpweya, ndipo paliponse pamene pali mpata amathawirapo asanafike kwa womvera. Anandiuza nditseke kamwa la mkonowo ndi chikhatho, ndiuzire pang'ono mbali inayo, ndimve ngati pakutuluka mpweya. Sipanatuluke.

Pomaliza minga. Anasankha yolimba, nandionetsa kusongola kwake ndi lezala. Anati munga sudya mbale, mbale ndiyo imadya munga, ndiye pa mbale yovulala ngati ija chitsulo chisayandikirenso. Ndinadandaula kuti munga ulira motsika. Anati ndicho chimene chinandiwononga.

"Ukafuna kumva bwino, usakweze galamafoni. Tontholetsa anthu."

Ndinafuna kuti tiyese mbale ya bambo pompo. Anakana. Anati mbale ija yatsala ndi maulendo ochepa, woyamba ukhale wa mwini wake. Tinayesera kambale kawo kosweka m'mphepete. Mawu anatuluka osalala, opanda chitini. Anati ndizipita.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhomo, ndipo nditawayang'ana anagwedeza mutu kuti bambo akadalipo. Mbale ndinaitsuka ndi madzi ozizira ndi kansalu kofewa, motsata mizere, n'kuiumitsa pamthunzi. Galamafoni sindinaiike pa mphasa. Ndinalowetsa tebulo m'chipinda, pakona, kuti makoma awiri azibweza mawu, ndipo mwendo umene unkagwedezeka ndinauikira kachidutswa ka thabwa. Ndinathamangitsa nkhuku, ndinatseka chitseko. Amayi anakhala kumbuyo kwa bambo n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo. Ndinauza bambo kuti ndi mbali ya kwaya yokha. Anati akudziwa.

Ndinapukusa modekha, ndinatsitsa munga.

Kaphokoso ka mvula kanalipo, koma kutali. Kenako amuna aja analowa onse pamodzi, motsika, momveka, ngati ali m'chipinda chinacho. Mawu a nyimbo ankamveka lililonse. Amayi anagwira pakamwa. Bambo anatseka maso, milomo ikuyenda. Ndime yoyamba inatha. Chapakati pa yachiwiri anadzutsa chala.

"Uyo. Ndine uyo."

"Uti, bambo?"

"Wapansiyo, kumbuyoko. Sukumumva?"

Ndinatchera khutu ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva amuna ambiri, mawu atalukana ngati chingwe. Chala chinali chikadali m'mwamba, maso atatsegula, akundiyang'ana.

"Ndikumumva, bambo."

Limenelo linali bodza, ndipo ndikulivomera pano pamaso panu, chifukwa kwa iwo sindinalivomere. Anatsitsa chala. Nyimbo itatha anati tsiku limenelo anali ndi chimfine, akanatha kuimba bwino kuposa pamenepo. Amayi anaseka akulira. Bambo anati ndibwereze. Ndinasongola munga wina n'kubwereza. Tinatero tsiku lililonse kamodzi, masiku asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri panalibe womuimbira.

Pa maliro panali mowa, monga mwa mwambo wathu. Anzanga ena muli pompano munandibweretsera chipanda kuseri kwa nyumba, munati ndichotse chisoni. Sindikukuimbani mlandu, ine ndikanachita zomwezo. Sindinamwe, ndipo kuyambira pamenepo sindinamwe. Musandiombere m'manja, ludzu likadalipo. Loweruka lililonse ng'oma ikalira kwa anaChisale, kukhosi kwanga kumauma. Ndimatenga njinga n'kupita ku Manjawira, kumene tsopano ndimagwira ntchito ndi aKachingwe, iwo makutu, ine maso. Ambiri obwera kuchokera ku Joni ali ndi magalamafoni, ndipo ambiri ali ndi ana ngati ine. Mitu imene imabwera kwa ife ndimaidziwa ndisanaitsegule. Ndimaona pamene panadutsa luzi.

Kwa inu amene mukumwabe, ndilibe mawu okoma. Chimene chimakukokerani ku mowa, kaya ndi gitala, kaya ndi njinga, kaya ndi mnzanu, chisiyeni kutali kumene simungachifikire msanga. Uzani wofulula pamaso pa anthu, kuti manyazi akuthandizeni. Sinthani njira. Pezani ntchito imene manja onjenjemera sangaigwire, ndipo muziwayesa mmawa uliwonse, chifukwa pakamwa pamanama koma manja sanama. Ndipo amene munamulakwira, kamuuzeni akadali ndi makutu. Mukachita zonsezi musayembekezere kuti zimene munawononga zibwerera. Zina zimakonzeka ndi mphira ndi phula. Zina ayi.

Mbale ija ilipo. Mbali ya bambo ndinaiyesapo kamodzi ndi munga wabwino, ndili ndekha, nditatseka chitseko. Mulibe munthu. Ndinawafunsa amayi kuti mawu awo ankamveka bwanji. Anayesa kundifotokozera, anati anali akuya, anati anali ofunda, kenako anakwiya n'kunena kuti ndinawamva masana athunthu ku Bwanje, ndiziwafunsa iwo chifukwa chiyani. Zoona, ndinawamva. Sindikukumbuka kalikonse.

Mbali ya kwaya ndimaiimba mwa apo ndi apo, chifukwa ikutha. Malo amene chala chinakwera ndimawadziwa, chapakati pa ndime yachiwiri. Ikamayandikira pamenepo ndimagwira mpweya, khutu ndimaliika pafupi ndi bokosi. Amuna makumi awiri amaimba bwino kwambiri. Bambo anga ali momwemo, wapansiyo, kumbuyoko. Sindikudziwa kuti ndi uti.